Gaba yekha ayi, Thomu anatinyamula

Achimwene mwafunsa ngati pa gemu ya Flames ndi Morocco ku AFCON kuja, Januwale 2022 ku Yaoundé, anasewera bwino ndi Gabadinho yekha. Ine ndikukana ndithu. Chigoli chake chija cha mphindi 7, kuchinyira kutaliiiko goloboyi wa Morocco Bounou atatuluka pang'ono pa golo, palibe angatsutse, ife pa shoo yomwe timaonera mabenchi anagwa anthu kukumbatirana osadziwana nkomwe. Koma kuchokera pamenepo mpira unali wa Morocco basi, ife kumangotchinga ndi kuponya kutsogolo, ndiye amene anatisunga ndi goloboyi Charles Thomu, mwana uja anagwira mipira yoti ena akanangoiyang'ana ikulowa, popanda iyeyo bwenzi titamwa zambiri hafu yoyamba yomwe. Cholakwika chathu chinali kulola En-Nesyri kubweza ndi mutu hafu itatsala pang'ono kutha, zija zinatidula miyendo. Firikiki ya Hakimi ija musamunene nayo Thomu, inapita pakona penipeni. Pakati ndiye panatikanika, mpira sumakhala kuphazi olo mapasi atatu, Gaba kutsogolo amangothamanga yekha ngati wasochera. 2-1 imawawabe mpaka pano aise.