Yankho kwa amalume pa za sitolo ya zithunzi zodinda

Amalume, mwaswera bwanji? Funso lanu ndaliona mu gulu muja, loti zitheka bwanji sitolo yathunthu kumangogulitsa zithunzi zodinda, pomwe chodinda ndi fotokope chabe. Kulemba kungachuluke, ndiye ndingolankhula.

Eee, si fotokope ayi. Wojambulayo amajambula yekha ndi choko chamafuta pamwala wosalala. Kenako amanyowetsa mwalawo n'kupakapo inki. Inkiyo imakakamira pomwe pali mafuta pokhapo, paja madzi ndi mafuta sizigwirizana. Akaikapo pepala n'kulipsinja ndi makina, chithunzi chatuluka. Ndiye palibe chithunzi china chomwe akukopera, chilichonse chochoka pamwalapo ndiye chenichenicho. Njirayi amaitcha lithography, anaitulukira Alois Senefelder wa ku Germany cha m'ma 1796.

Tsono sitolo yomwe ine ndimaidziwa bwino mbiri yake ndi ya ku New York, dzina lake Associated American Artists. Anaiyambitsa bambo wina, Reeves Lewenthal, mu 1934. Nthawi imeneyo chuma cha America chinali chitagwa, anthu ntchito zatha, ojambula akungokhala ndi zithunzi zawo popanda wogula. Bamboyu sanali wojambula, anali munthu wodziwa kutsatsa malonda. Iye anaona kuti vuto si loti anthu wamba sakonda zithunzi, koma mtengo, komanso amaopa kulowa m'nyumba zija za anthu olemera.

Ndiye anachita chonchi. Wojambula ankamulipira madola 200 kuti ajambule pamwala. Pamwalapo ankadindapo mapepala 250, mwini wake n'kusainira lililonse ndi pensulo m'munsi, ndipo limodzi ankaligulitsa madola 5 basi. Tawerengani nokha amalume, onse akagulidwa ndi madola 1,250. Wojambula wapata 200 yokha. Ena amati kunali kuwadyera masuku pamutu, koma ine ndimati m'chaka cha njala ngati chimenecho, ndalama yapompopompo inali yabwino kusiyana ndi kudikira wogula wosabwera. Ndipo sanali ojambula achabechabe ayi, munali Thomas Hart Benton, Grant Wood ndi John Steuart Curry, omwe ankajambula alimi, minda ndi moyo wakumudzi wa kwawoko.

Poyamba ankagulitsira m'masitolo akuluakulu a zovala ndi ziwiya, kenako anayamba kulengeza m'magazini n'kumatumiza pa positi. Munthu ali kutali ndi tauni, wasankha m'kabuku, watumiza ndalama, chithunzi chamupeza pakhomo. Mu 1939 ndi pomwe anatsegula malo aakulu pa msewu wa Fifth Avenue.

Koma positi yomweyo inawapatsanso mutu. Chaka chomwecho Grant Wood anajambula mlimi akusamba usiku kunja kukutentha, akudzithira madzi ali chibadwire. Chithunzicho dzina lake Sultry Night. Akuluakulu a positi anati izi n'zolaula, sizidutsa kwathu. Basi anangodinda 100 zokha, n'kumagulitsira m'sitolo momwemo. Chondiseketsa n'choti kuletsa kujako ndiye kunachichititsa kukhala chosowa, moti masiku ano osonkhanitsa zithunzi amachisaka kwambiri.

Pambuyo pake eni sitoloyo anayamba kulowa zambiri. Makampani a fodya, a mafuta a galimoto ndi a mankhwala ankawapatsa ntchito yojambula zotsatsira malonda, kenako anayambanso za nsalu ndi mbale zadothi. Kwa ine apa m'pomwe anasokonekera pang'ono. Mu 1958 Sylvan Cole anatenga utsogoleri n'kubwezera sitoloyo ku zithunzi zodinda, za ojambula akale ndi atsopano omwe, ngakhale a maiko ena. Inayenda choncho mpaka inatsekedwa m'chaka cha 2000.

Chinanso, mukadzaona chithunzi chodinda chili ndi manambala m'munsi, mwachitsanzo 12/50, ndiye kuti ndi pepala la nambala 12 mwa mapepala 50 omwe anadinda. Koma za madola 5 zija nthawi zambiri analibe kuzilemba manambala, zinkangokhala ndi siginecha ya pensulo. Ndiye musadzachikane chifukwa chosowa nambala.

Ndalankhula kwambiri, foni ingathe moto. Mupereke moni kwa onse kunyumbako.