Yankho kwa achimwene pa za mtsikana wathu wa ku Ulónguè

Achimwene, mwaswera bwanji uko ku Dómuè? Uthenga wanu uja ndaumva. Mukuti mwana wapeza 7 pa Matemática ndi 8 pa Português, pamene kuti akhoze amafunika 10 pa 20, komanso akujomba, ndiye mukufunsa ngati mungomuchotsa ku Ulónguè abwere azikuthandizani kudimba la mbatatesi. Ine ndikuti ayi, musamuchotse.

Masiku amene akujombawo mwafufuza kuti ndi ati? Pitani kusukulu mukaonane ndi director de turma wake, mphunzitsi woyang'anira kalasi yake, akuonetseni m'buku. Mukapeza kuti mwezi ndi mwezi amasowa masiku atatu kapena anayi otsatizana, dziwani kuti ndi nkhani ya kumwezi imeneyo. Mwana wa zaka 14 sangakuuzeni inu bambo ake, manyazi angamuphe. Akakhala wopanda mapadi kapena nsalu zokwanira, ndipo kuchimbudzi kulibe madzi, amangodzitsekera m'nyumba kuopa kusekedwa. Zimenezo tisiyireni ine azakhali ake ndi alamu anga.

Koma chimene chikundisowetsa tulo ndi kanyumba ka lendi kaja akukhalamo ku Ulónguè. Ufa munatumiza uja ukatha amadya chiyani? Sopo amamupeza kuti? Mtsikana wanjala, ali kutali ndi amake, ndi amene amanyengedwa ndi anyamata a njinga zamoto, ndi ogula mbatatesi aja amayenda ndi ndalama m'thumba. Muzitumiza nyemba ndi ufa zisanathe, ndi kangachepe pa M-Pesa, asamachite kupempha. Mukamuimbira foni musayambire pa magiredi, achimwene, mumayamba ndi ukali inu. Mufunseni ngati wadya, akugona bwanji, anzake ndi ndani. Akayankha mwachidule musakwiye, msinkhu umenewu ndi wotero, mawa muimbeninso.

Ndamvanso kuti ena kumudziko akuti wakula, angokwatiwa. Muwauze kuti kuno ku Mozambique lamulo nambala 19/2019 limaletsa kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18, ndipo kholo lovomereza limamangidwa nalo. Lamulo la maphunziro la 2018 nalo likuti mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi 9. Iye ali kalasi 8, ndiye kumuchotsa pano n'kumulakwira.

Kuchipatala kuli SAAJ, komwe achinyamata amakamba ndi anamwino za thupi lawo popanda kukalipiridwa, ndimupititsa ine. Ndimupatsanso nambala ya 116, ya Linha Fala Criança, ndi yaulere, kuti wina akamamuvutitsa, kaya mphunzitsi kaya mwini nyumba, akhale ndi kodandaula.

Loweruka ndikwera chapa kuchokera kuno ku Moatize. Ndikafika ndikhala naye ndekha kaye, tiphike, ticheze. Inu mubwere Lamlungu ndi thumba la ufa lija, ndipo za magiredi musazitchule mpaka nditakuuzani zimene ndamva.