Mphika wa agogo: kuukonda, kuulemekeza kapena kuusamala?

Mayi wina wa ku Namwera wafunsa kuti: "Agogo anandisiyira mphika wadothi. Ndikanena kuti ndimaukonda, mawuwo akundichepera. Mwana wanga akuti ndizinena kuti ndimauvaluwa. Oyenera ndi ati?"

Mayi, mwanayo mumuuze kuti "kuvaluwa" kwakeko akabweze komwe anakutola. N'chimodzimodzi ndi "sindikeya" amene wadzaza m'maminibasi masiku ano, ngati kuti "ndilibe nazo ntchito" anatha.

Zoti "kukonda" kukuchepa mwamva bwino. Ife a ku Mangochi timakonda chambo, palibe angatsutse, koma chikondi chomwecho ndi chimene chachepetsa chambo m'nyanja ya Malombe. Munthu amakonda ndiwo n'kuzimaliza.

Mawu amene amandikomera ine ndi "kulemekeza". Ndimaumirira kuti anachokera ku "kulemera", ndipo wotsutsa ayambe wandiuza chifukwa chake kuderera munthu timati "kumupeputsa", kuchokera ku "kupepuka". Makolo athu ankayeza kufunika kwa chinthu ndi dzanja, monga amachitira mayi pamsika, kunyamula nsomba kaye asanafunse mtengo. Cholemera n'chofunika, chopepuka n'chouluka ndi mphepo. Ngakhale wachuma timati ndi wolemera. Komabe mphika sitiulemekeza ayi. Timalemekeza mfumu, apongozi, maliro ndi mwambo. Mukati mumalemekeza mphika, anthu aganiza kuti muli kanthu mmenemo.

Musathamangirenso "wamtengo wapatali". Umenewo ndi mtengo umene uli patali, woti dzanja la wosauka silifikapo. Kutchalitchi ndi pawailesi aufutukula mpaka chilichonse chabwino chasanduka chamtengo wapatali, ndipo ndinatopa nako kulimbana nawo. Koma mphika wanuwo mutapita nawo pamsika, ndalama yake siingagule n'komwe chitenje.

Malemu bambo anga ankasoka ukonde wawo pansi pa mtengo wa mango, diso ndi diso, chingwe chili kukamwa. Sindinawamvepo akunena kuti amaukonda. Anzawo padoko ankangoti, "Awa ukonde amausamala ngati dzira." Mawu anu ndi amenewo, mayi, chifukwa "kusamala" kumaoneka ndi maso: pamene mwauika, amene mumamulola kuugwira. Mukafuna kuti mtima umvekemo, onjezani "wapamtima". Ena amati mawu amenewa ndi a bwenzi ndi mwana basi, koma ine ndikukulolani: ndi mphika wanu wapamtima, ndipo mumausamala ngati dzira. Wa "kuvaluwa" uja musamulole kuutsuka.