Mwana wa Fomu 4 akufuna udokotala wa matenda a m'maganizo

FUNSO: A Dokotala, ndili Fomu 4 kuno ku Nkhotakota ndipo mtima wanga uli pa udokotala wa matenda a m'maganizo. Amalume akuti ochiza amisala nawonso amadzapenga. Njira yake ndi yotani, ndipo ntchitoyo imakhala bwanji? — Mtsikana wa ku Linga

YANKHO: Mwanawe, amalumewo ukawauze mwaulemu kuti misala si chimfine, sapatsirana. Chofunika kuchilingalira ndi kutalika kwa njira.

Uyamba wakhala dokotala wa matenda onse. Pa MSCE limbikira Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi, chifukwa malo ku Kamuzu University of Health Sciences ndi olimbirana. Kumeneko ndi chaka 1 chokonzekera, kenako zaka 5 za digiri ya udokotala yotchedwa MBBS. Ukatero pali miyezi 18 yogwira ntchito moyang'aniridwa m'chipatala chachikulu, Medical Council of Malawi isanakulembe ngati dokotala woima payekha. Ukatswiri wa matenda a m'maganizo, MMed, ndi zaka zina 4. Werengera zaka pafupifupi 12.

Mapointi akavuta, njira ina ilipo: kuphunzira u-clinical officer ku Malawi College of Health Sciences, kenako digiri ya matenda a m'maganizo ku sukulu ya St John of God ku Mzuzu. M'zipatala za m'maboma odwala ambiri amaonedwa ndi anthu amenewa pamodzi ndi anamwino, osati madokotala akuluakulu.

N'chifukwa chiyani zaka zonsezo pa matenda a thupi? Tangoganiza msodzi amene achibale abwera naye atamumanga ndi chingwe, akubwebweta. Iwo atsimikiza kale kuti walodzedwa, ena akuti ndi chamba, poti kwanuko chamba n'chosasowa. Iwe suyenera kuthamangira jekeseni womugoneka. Yeza kutentha kwa thupi, malungo, shuga ndi HIV, ugwirenso khosi ngati lauma. Funsa tsiku limene anasiya kachasu, chifukwa chidakwa chikasiya mowa mwadzidzidzi chimatha kunjenjemera n'kumaona zinthu zoti palibe pakatha masiku 2 kapena 3. Wodwala malungo a mu ubongo ukamuyesa wamisala n'kumutumiza ku Zomba Mental Hospital, akhoza kufera panjira.

Mankhwala nawo ali ndi khalidwe lawo. Haloperidol ndi chlorpromazine amaziziritsa mutu, koma odwala ena amauma thupi, kunjenjemera ndi kuchucha dovu. Achibale akaona zimenezi amasiyitsa mankhwala n'kubwerera kwa asing'anga, chonsecho kuchepetsa mlingo kapena kuwonjezera mankhwala ochepetsa mavutowa otchedwa benzhexol kukanathandiza. Wa matenda a kukhumudwa ukamupatsa fluoxetine kapena amitriptyline, muuze kuti kusintha kumayamba pakatha milungu 2 mpaka 4, apo ayi adzati mankhwala ndi achabe. Akhunyu nawonso kuno kwathu nthawi zambiri amabwera ku kiliniki yomweyi ya matenda a m'maganizo.

Zowawa zake n'zakuti odwala ena amachira n'kudwalanso, mankhwala amasowa nthawi zina, ndipo wodwala mmodzi amatha kukudyera mphindi 45 ukungomvetsera, mzere uli panja. Ngati umakonda kuona chilonda chikupola pamaso pako, mwina opaleshoni ingakukomere kuposa izi.

Pa holide ikubwerayi, pita kuchipatala cha boma ukapemphe kucheza ndi namwino wa matenda a m'maganizo, umufunse mmene tsiku la kiliniki limayendera.