Kodi nsomba za mtundu umodzi zingasiyane thupi m'nyanja imodzi?

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa sayansi pasukulu ina ya sekondale ku Kawale, mumzinda wa Lilongwe. Ndinawerenga kuti ku North America kuli nsomba yotchedwa lake trout, ndipo m'nyanja imodzimodzi ina imakhala yowonda, ina yonona kwambiri, ina yaing'ono ya maso aakulu, koma akatswiri amati zonsezo ndi mtundu umodzi. Kodi kusiyanaku n'kwa chibadwa, kapena kumadza ndi chakudya komanso malo okhala? Wophunzira wina anafunsanso ngati ndi nsomba ija ya kuphiri la Zomba.

YANKHO: Zikomo aphunzitsi. Wophunzira wanuyo mumuuze kuti ayi. Ya ku Zomba ndi ku Nyika ndi rainbow trout, imene inabwera m'nthawi ya atsamunda, pomwe lake trout, imene dzina lake la sayansi ndi Salvelinus namaycush, kwawo ndi m'nyanja zozizira za ku Canada, Alaska ndi kumpoto kwa United States.

Nkhaniyi imaoneka bwino m'nyanja ya Superior, ya m'malire a Canada ndi United States, imene pakuya penipeni imafika mamita 406. Mmenemo muli magulu anayi odziwika. Ya lean ndi yaitali, yowonda, ya mutu wosongoka, ndipo imakonda madzi osazama kwambiri. Ya humper ndi yaing'ono, ya maso aakulu ndi khungu lopyapyala la pamimba, ndipo imakhala pazitunda za miyala zimene zili pakati pa nyanja. Ya redfin imadziwika ndi zipsepse zikuluzikulu. Koma yochititsa chidwi ndi ya siscowet, yokhala pansi pakuya, ya mutu waufupi ndi thupi lodzaza mafuta. Mafutawo ali ndi ntchito. Nsomba imeneyi imakwera ndi kutsika m'madzi potsata chakudya, ndipo kathumba ka mpweya kamene nsomba zimayandamira kamafinyika ikatsika, n'kufufuma ikakwera, pomwe mafuta sasintha chotero, choncho amaithandiza kuyandama pakuya kulikonse popanda kutha mphamvu.

Tsono kodi n'chibadwa kapena malo? Akatswiri anatenga mazira a lean ndi a siscowet n'kulera ana ake m'mathanki ofanana, madzi amodzi, chakudya chimodzi. Chikanakhala kuti malo okha ndi amene amaumba thupi, anawo akanakula ofanana, koma ana a siscowet anakulabe ndi mafuta ambiri ndiponso maumbidwe a makolo awo. Umenewu ndiwo umboni umene ine ndimauona wamphamvu, ndipo ndi wosavuta kuufotokoza m'kalasi. Komabe chakudya, kuzizira kwa madzi ndi liwiro la kakulidwe zimasinthanso mutu ndi thupi la nsomba, motero zonse ziwiri zimagwira ntchito limodzi.

Chodabwitsa n'chakuti akayeza DNA, imene imasunga chibadwa cha chamoyo, kusiyana kwa magulu amenewa kumapezeka kochepa poyerekeza ndi zimene maso amaona, ndipo maguluwa amatha kuberekana. Chifukwa chimodzi ndi nthawi. Nyanja zimenezi zinapangika madzi oundana amene anakuta dera lonselo atasungunuka zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, ndipo pa kasinthidwe ka zamoyo imeneyo ndi nthawi yochepa zedi. Ku Great Bear Lake, kumpoto kwa Canada, kulinso magulu angapo osiyana mutu ndi zipsepse ngakhale m'madzi osaya, ndipo DNA yawo nayonso imasiyana pang'ono chabe.

Ophunzira anu angamve msanga mukawapatsa chitsanzo cha Nyanja ya Malawi, imene yakhalapo zaka zoposa 1 miliyoni. Mbuna za m'miyala, utaka, ncheni wa mano akuthwa ndi ndunduma za maso aakulu za m'madzi akuya n'za banja limodzi la cichlid, lokhala ndi mitundu mazanamazana m'nyanjamo, koma DNA yawo n'njofanana kwambiri. Kusiyana kwake n'kwakuti zathuzi zinafika popatukana kukhala mitundu yoima payokha, pomwe lake trout idakali panjira. Mungagule ndunduma ndi utaka zouma pamsika waukulu wa Lilongwe, kuziika pathebulo, ana n'kuyeza kukula kwa diso poyerekeza ndi mutu.

Pali chifukwa china chimene akatswiri amalimbikira kafukufukuyu. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, usodzi wopyola muyeso pamodzi ndi sea lamprey, nsomba yoyamwa magazi imene inafalikira kudzera mu ngalande ya Welland ya ku Canada, zinatha lake trout m'nyanja ya Michigan ndipo zinatsala pang'ono kuitheratu m'nyanja ya Huron, zonse ziwiri zoyandikana ndi Superior. Maboma a kumeneko atayamba kuswetsa ana a nsomba ndi kuwathira m'nyanjazi, anadalira kwambiri gulu la lean, motero magulu a m'madzi akuya sanabwerere. Nyanja ya Superior ndiyo inasunga magulu ake, ndipo lero siscowet ndiyo yochuluka kuposa ena onse mmenemo.