Dzina la mudzi wanu kalifunseni kwa eni ake

Achinyamata ena a ku Mtendere afunsa kuti: "Agogo, tinabadwira mu Lusaka. Mudzi wa makolo athu uli ku Katete, koma chiyambi chake ndi tanthauzo la dzina lake sitizidziwa. Tiyambire pati?"

Adzukulu anga, yambani mwatchera khutu mmene akulu amautchulira mudziwo. Akati "kwa Uje", limenelo ndi dzina la mfumu imene inayamba kugwetsa mitengo pamalopo. Akati "ku", kawirikawiri ndi mtsinje, phiri kapena mtengo. Lusaka yemweyu unali mudzi wa mfumu Lusaaka, cha ku Manda Hill kumene lero kuli Nyumba ya Malamulo. Njanji itafika mu 1905, siteshoni inatenga dzina la mfumuyo, ndipo mu 1935 likulu linasamukira kuno kuchoka ku Livingstone.

Mbiri safunsira pa foni. Pitani nokha anthu atakolola, ali ndi mpata wocheza. Ife Achewa mudzi timauwerengera kuchikazi, choncho kafikireni kwa atsibweni anu, iwowo ndiwo akakuperekezeni kwa mfumu. Musapite chimanjamanja: nkhuku imodzi, shuga ndi mchere zikwana. Mukafika khalani pansi, ombani m'manja, akulonjereni kaye.

Apa ndiye ambiri amasokonezeka. Dzina la ufumu ndi lolowa, mphwake amalowa la mtsibweni wake. Mukamva kuti "Uje ndiye anabwera ndi anthu, Uje ndiye anakumbitsa chitsime", mwina ndi anthu atatu osiyana. Funsani kuti alowa dzinali ndi angati, ndipo aliyense dzina lake laubwana linali ndani. Za zaka musawapanikize akuluwo. Funsani chabe ngati mudzi unalipo kale pamene Angoni a Mpezeni ankamenyana ndi azungu mu 1898, kapena unamangidwa ufulu wa 1964 utabwera. Pemphaninso akuonetseni bwinje, pakuti midzi inkasamuka ndi dzina lake. Mitengo ya mango yakalekale ili patchire yokhayokha idzakulozerani.

Musamve pakamwa pamodzi. Pamene pali mkangano wa ufumu, banja lililonse limakokera mbiri kwawo. Khalani pamphasa ndi amayi okalamba akutongola chimanga, poti mibadwo ya mbumba amaisunga ndi iwo. Musanajambule mawu awo, pemphani.

Kumanda musalowe popanda chilolezo cha mfumu, ndipo za kudambwe, ngati simunavinidwe, musazifunse n'komwe.