Msuweni, za chithunzi cha zovala zoyera chija

Halo... eya, ikujambula. Msuweni, ndaona funso lako m'gulumu, lija wati, "Kodi chithunzi wavala zoyera uli pakati pa agogo achizungu chija ndi mpingo watsopano kapena masewera? Nanga muli ndalama?" Iwe ndi ndalama! Sunasinthe chikhalire nthawi ija unkagulitsa zitumbuwa za agogo n'kumanga chenji pa nsonga ya chitenje. Kulemba sinditha, ndangoweruka kumene ya usiku, ndiye ungomvera.

Si mpingo ayi. Ndi masewera, amati bowls. Kalabu yathu ili pafupi ndi pamene ndimakhala kuno ku Southampton, ku Mangalande, wapansi mphindi khumi. Bwalo lake ndi la kapinga wometa bwino, kusalala ngati pansi pozira kumene, mbali iliyonse mamita osapitirira 40, ndipo m'mphepete monse muli kangalande. Timayamba taponya kampira kakang'ono koyera, amati jack, kenako aliyense amagubuduza yake kuti ikaime pafupi ndi kameneko. Ndati mipira, koma usaganize yachikopa. Ndi yolimba gwa, kulemera kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo mbali imodzi anaiumba mosiyana ndi inzake, moti siyenda mowongoka. Imapita ikukhota ngati chikwakwa. Ukalunjika pa jack penipeni, waphonya usanaponye n'komwe.

Ndiye tsiku loyamba nditaona mpira ukukhota choncho, ndinangoima. Amalume! Osati bambo ako, ayi, ang'ono awo, a ku Thyolo aja. Iwe unali wamng'ono... ayi, ndanama, unalipo, ndiwe unalira tsiku la njinga lija. Ukukumbukira kuti ankagwira ntchito ku kalabu ya mabwana a ku esiteti? Ife tinkangoti amatchetcha udzu. Sitinkadziwa kuti udzu wake unali wa masewera omwewa. Ankadzuka tambala woyamba, kukachotsa mame pa kapinga ndi nsungwi yaitali, kenako kukoka chigudumu chachitsulo uku ndi uku mpaka bwalo lonse litagona. Zaka zonse zija. Ndipo sanaponyepo mpira ngakhale umodzi pa bwalo limenelo, chifukwa ogwira ntchito sankaloledwa. Ankangoimirira kumbali ndi khasu lawo n'kumaonerera.

Koma masewerawo ankawadziwa. Madzulo ankatenga mapeyala osapsa, aja otupa mbali imodzi, n'kuika ndimu kutali uko pafupi ndi nkhokwe. Amvekere, "Taonani ana inu, sindiponya kumene kuli ndimu, ndiponya kumene peyala likufuna kudzera." Peyala n'kuzungulira ndithu, kukaima pambali pa ndimu. Ife kuwomba m'manja, kumayesa matsenga. Azakhali akukalipa kukhitchini kuti mapeyala ogulitsa akutha ndi masewera.

Nanga kakapinga kawo ka pakhomo kaja? Kakang'ono ngati mphasa ziwiri, koma wopondapo analibe. Tsiku la chinkhoswe cha achemwali, ankhoswe a kuchimuna atangoyala mipando pamenepo, amalume anatulukira ali ndi jekete la mwambo, ulemu wonse, kugwada ndithu, n'kuwapempha akuluakulu aja kuti asunthire pa fumbi. Anthu anasuntha. Amayi mpaka lero akaikumbukira amagwira pakamwa. Ine kale ndinkaiseka nkhani imeneyi, koma pano ndimaimva mwina. Munthu uja anali ndi luso m'manja, ndipo malo okhawo amene akanalionetsa ngati mwini wake anali kakapinga kameneko.

Dikira ndimwe madzi... eya.

Kuno ku kalabu kwathu bwalo timasamala tokha, mamembala. Tsiku lina m'mawa mdala amene amatsogolera ntchitoyo anandipatsa ndodo yaitali yochotsera mame, akufuna andiphunzitse. Ndinangoilandira n'kuyamba kukupiza monga ankachitira amalume. Mdalayo kudabwa, "Unaphunzira kuti zimenezi?" Ndinamufotokozera za ku Thyolo. Anavula chipewa, msuweni. Ine misozi inalengeza, sindikubisira.

Tsono za ndalama zakozo, mulibe. Ndife timalipira ya umembala pa chaka. Wopambana amalandira chikho, dzina lake n'kulembedwa ndi utoto wagolide pa thabwa la m'chipinda chomwera tiyi. Pa mathabwa amenewo pali maina a anthu amene anamwalira kalekale, ena zidzukulu zawo zikusewera nafe lero. Panja timasewera kuyambira Epulo mpaka Seputembala. Kukazizira timalowa m'holo, pa kapeti. Pakati pa sabata masana amabwera aliyense, timangogawana magulu, Loweruka ndiye timakumana ndi makalabu ena, n'chifukwa chake zoyera zija. Tikakhala anayi anayi, ine ndimaponya woyamba, ndipo wotsiriza, amene timati skip, amaima kutsogolo uko kumatilozera podzera. Mipira iwiri ikayandikana mokayikitsa, anthu a zaka 80 amagwada pansi ndi tepi kuyeza, nkhope zili gwa ngati mlandu wa malire a munda. Pomaliza kugwirana chanza, tiyi, makeke.

Ndipo usawaderere masewerawa. Mumzinda mommuno, kufupi ndi doko, pambali pa nsanja yakale yotchedwa God's House Tower, pali bwalo lotchedwa Old Bowling Green. Anthu akhala akusewerapo kuyambira 1299, ndipo limadziwika kuti ndilo lakale kuposa onse amene alipo pa dziko. Taganiza, Livingstone pobadwa mu 1813, bwalolo linali litapitirira kale zaka 500. Kumeneko ali ndi mpikisano wa chaka ndi chaka umene unayamba mu 1776. Woyamba kupeza mapointi 7 amamuveka ulemu wa Knight, m'kalabumo n'kumamutcha "sir", ndipo saloledwanso kupikisana nawo. Amasanduka woweruza, kumavala chipewa chachitali ndi jekete lofika m'mawondo. Ndinakaonerera tsiku lina nditaweruka, mumtima ndikungoti amalume akanaona kapinga ameneyu akanavula nsapato.

Koma msuweni... tisazungulire. Funso lija si lako. Iwe ukanafuna za masewera ukanandiimbira pandekha n'kundinena. Wafunsira m'gulu chifukwa amayi ndiwo akutuma, ndikudziwa. Chichitikire zija za mu Febuluwale ndakhala chete, foni sindiyankha msanga, ndipo akuganiza kuti ndimangochoka ku ntchito n'kukadzitsekera m'chipinda. Poyamba zinalidi choncho, sindikana. Miyezi iwiri yathunthu munthu wolankhula naye anali wa kuntchito basi. Tsiku lina ndikudutsa pa mpanda wa kalabuyo ndinaima kuonerera, mayi wina wachikulire n'kundikodola kuti lowa, nsapato zosalala pansi tikubwereka. Ndi mmene zinayambira.

Mwezi wathawu chimfine chinandigwetsa, ndinajomba masiku awiri osewera. Lachitatu ndikumva kugogoda. Skip wathu ndi akazi awo, atanyamula supu m'poto, akuti, "Sitinakuone, tinada nkhawa." Anakhala mpaka nditadya. Ndiye ukawauze amayi kuti sindili ndekha. Kuno kuli anthu amene ndikasowa amandifunafuna mpaka pakhomo.

Uwauze momwemo, usawonjezere zako, ndimakudziwa iwe, ungakanene kuti ndapeza nkhalamba yachizungu yokwatira. Ungoti mwana wanu ali ndi anthu, akudya, akuseka, Loweruka amavala zoyera. Kapena ingowatsegulira uthengawu amve okha mawu anga. Amayi, ngati mukumva, ndili bwino, sindili ndekha, Lamulungu ndiimba mukabwera ku tchalitchi.

Aa, ndi china, msuweni. Ukapita ku Thyolo ukandijambulire pakhomo pa amalume, pamene panali kakapinga paja, ngakhale patamera chimanga. Mdala wa mame uja akufuna aone. Basi, batire ikutha.